Kodi Liu Lakuti "Ndalama" Linacokera Kuti?

Ndifuna kucezako nanu za liu limodzi limene sitigona osalinena, ndilo lakuti "ndalama". Lero tikalimva timaganiza za mapepala a Kwacha, amene analowa m'malo mwa mapaundi m'caka ca 1971. Koma kale liu ili linali dzina la citsulo ca mtengo wapatari. Ashona a ku Zimbabwe ali nalobe liu lakuti "ndarama", ndipo kwa iwo ndiye golidi.

Nanga linafika bwanji kuno? Akatswiri a zinenero amati gwero lace liri kutari. Agriki akale anali ndi kobiri la siliva, dzina lace "drachma". Aluya anatenga dzinalo nalisandutsa "dirham", ndipo akakhala ambiri amati "darahim". Amalonda aciluya ndi aciswahili ankafika pa doko la Sofala, m'dziko la Mozambique, kudzagula golidi wocokera kumtunda, ndipo ankabweretsa nsaru ndi mikanda. Zimenezi zinkacitika zaka mazana ambiri Apwitikizi asanakhazikike ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530. Motero liu linayenda pamodzi ndi katundu, nakwera mtsinje wa Zambezi, kufikira makolo athu analilandira nalikonza kuti likomere lilime lao.

Si ife tokha amene tinacha cuma dzina la citsulo. Pano pa Dzaleka, pamene pakhala anzathu othawa nkhondo ciyambire 1994, umboni uli pafupi. Funsani mnzanu wodziwa Ciswahili, adzakuuzani kuti "fedha" ndiye siliva, ndiponso ndiye ndalama. Wa ku Congo wophunzira Cifalansa adzati "argent" ndi cimodzimodzi. Cifukwa cace ncakuti kale mtengo wa kobiri unali m'kulemera kwa citsulo cace, osati m'nambala yolembedwapo.

Alipo ena mwa ife amene amanyoza cinenero cathu, namati makolo athu sanadziwe kanthu za maiko akunja Azungu asanabwere. Liu limodzi lokha ili liwatsutsa. Agriki eni ace anasiya "drachma" m'caka ca 2002, koma mdzukulu wace akali moyo m'misika ya ku Dowa ndi ku Ntchisi. Cotero tiyeni tizifunsa agogo athu mau akale ndi kuwalemba, pakuti mau a akuru akoma akagonera.