Sefa ya dizilo ndi machenjezo a opanga malole akale

Makampani opanga malole, monga Isuzu, Mitsubishi Fuso, Hino ndi Toyota, amalembera makalata ogulitsa ndi amakaniko awo vuto limodzi likamaoneka kawirikawiri pa mtundu wina wa injini. Kalatayo imatchula zizindikiro za vutolo, gwero lake, chitsulo choyenera kusinthidwa ndi manambala a chesisi okhudzidwa. Pa lole yakale mwini amalipira yekha ntchito yokonzayo. Malole ambiri a Canter, Elf ndi Dyna oyenda m'Malawi anagulidwa ku Japan atagwira kale ntchito, motero makalatawa safika kwa eni ake atsopano. Wofuna kuwadziwa ayenera kukafunsa kwa wogulitsa wovomerezeka atatenga nambala ya chesisi ndi ya injini.

Pa nkhani ya mafuta, malangizo a opanga amabwerera pa kachipangizo kamodzi: sefa ya dizilo, imene amakaniko amaitcha fyuluta. Ndi chitini chokhala ndi pepala lopindapinda m'kati. Pansi pake, kapena pambali, pali kapu yodikhiramo madzi, popeza madzi amalemera kuposa dizilo. Pamwamba pamakhala kapampu kopopa ndi dzanja.

Chimene sefayi imateteza ndi pampu yaikulu ndi manozo opopera mafuta mu injini. Zitsulo za m'kati mwake zimakhulana pampata wochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi. Pampu yozungulira ya mtundu wa VE, yomwe inapangidwa ndi Bosch ndipo Zexel ndi Denso ankaipanganso, ilibe oyilo wakewake: imafewetsedwa ndi dizilo yemweyo amene akudutsamo. Dizilo akalowa ndi madzi kapena fumbi, pampu imadyeka.

Apa ndi pamene pali kulakwitsa kofala m'magalaja ambiri. Lole ikayamba kufooka pachitunda chifukwa sefa yatsekeka, ena amaimasula, kuitsuka ndi petulo, kuipopera mpweya, n'kuibwezeretsa. Ena amaboola pepalalo ndi msomali. Enanso amangolumikiza paipi molumpha sefa, ati angofika kaye kumene akupita. Lole imadzukadi n'kuthamanga, ndipo aliyense amati vuto latha. Silinathe. Sefa yotsekeka ndi sefa yomwe yagwira ntchito yake. Kuiboola n'kutsegulira pampu zinyalala zonse zimene zinatchingidwa. Pepala lotsukidwa limang'ambika malo osaoneka ndi maso. Ndipo zongofikira kayezo kawirikawiri zimakhala mpaka miyezi, chifukwa palibe amakumbukira kubwezeretsa paipi.

Vutoli limakula mafuta akasowa pamalo omwetsera, pamene madalaivala amagula dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Wina amakhala ndi madzi, wina wosakanizidwa ndi palafini, yemwe sateleretsa zitsulo ngati dizilo. Zotsatira zake n'zodziwika: injini yovuta kulira m'mawa, utsi woyera, kudukiza, kenako pampu kugwirana.

Palinso kudontha. Ku America, atachepetsa salifa mu dizilo mu 1993 ndi mu 2006, malabala a m'mapampu akale ambiri anafota n'kuyamba kudontha. Mankhwala ake ndi kuika malabala atsopano opirira dizilo wamakono. Kukulunga podonthapo ndi mphira wa chubu sikuthandiza, chifukwa malumikizidwe okhwefuka amalowetsanso mpweya m'mapaipi.

Mtengo wa sefa umasiyana malinga ndi mtundu wa lole, malo ogulira ndi mphamvu ya kwacha, choncho n'kovuta kuutchula. Komabe ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi kukonzetsa pampu, kuonjezapo masiku amene lole imakhala itaima katundu akudikira. Sefa zotchipa kwambiri zopanda dzina la wopanga n'zokayikitsa.

Njira yoyenera ndi yosavuta, ndipo imagwiradi ntchito modabwitsa! Sefa isinthidwe pa makilomita amene buku la loleyo likunena, kapena msanga ngati loleyo ikuyenda m'misewu yafumbi. Dalaivala ayende ndi sefa ina yatsopano m'galimoto. Madzi akhetsedwe pomasula kabawuti ka pansi pa kapu sabata iliyonse, makamaka m'dzinja, ndiponso nthawi yomweyo nyali yochenjeza ikayaka. Thanki igone yodzaza ngati n'kotheka, kuti m'kati musachite chinyezi usiku. Poika sefa yatsopano, labala yake ipakidwe dizilo pang'ono, imangidwe ndi dzanja, kenako kapampu kapopedwe kabawuti kotulutsira mpweya katamasulidwa, mpaka dizilo atuluke wopanda thovu. Kabawutiko kakamangidwa, injini ilizidwe kwa mphindi zingapo ndipo malumikizidwe onse ayang'anidwe ngati pali podontha.