Phunziro 14: Mkonono ndi kunenepa

Ena mwa ife timaliza mkonono, nʼkuleka kupuma mʼtulo, kenaka nʼkudzidzimuka ngati tabanika. Amenewa ndi matenda. Kawirikawiri mafuta a mʼkhosi amapanikiza njira ya mpweya. Kumunda timangosinza, khasu lili mʼmanja. Mtima nawonso umatopa.

Mu Disembala 2024, boma la Amereka linavomereza mankhwala a tirzepatide pa matendawa. Ndi jekeseni wa kamodzi pa sabata, wa akuluakulu onenepa kwambiri. Amachepetsa njala, thupi limatsika, mpweya umadutsa bwino. Koma ndi wodula, ndipo amalembera ndi dokotala.

Nanga ife titani? Tisagule mankhwala ochepetsa thupi pamsika. Tichepetse kachasu. Tizigona chammbali. Wobanika usiku timuperekeze kuchipatala ku Ulónguè.

Tikambirane: ndani angamve kuti taleka kupuma usiku?