Moŵa, Chamba ndi Matenda a Maganizo: Kuchiza Zonse Pamodzi

M'zipatala zathu mumafika anthu ambiri ogwidwa ndi chibaba cha kachasu kapena chamba. Achibale amati vuto ndi moŵa basi, ndipo kuti wodwalayo akangoleka zonse zidzakhala bwino. Koma nthaŵi zambiri kuseri kwa moŵawo kumakhala nthenda ina ya maganizo: chisoni chosatha, nkhaŵa yosoŵetsa tulo, kapena kumva mawu a anthu amene palibe. Munthu amamwa kuti aiŵale, koma moŵa ukatha m'thupi chisonicho chimabwerera chitakula. Chamba nacho chimatha kudzutsa misala mwa wachinyamata amene adali kale pangozi ya nthendayi.

Kale wodwala wotere ankauzidwa kuti ayambe wasiya moŵa ndipo adzabwerenso kuti amuone za maganizo. Ambiri sankabweranso. Masiku ano akatswiri amagwirizana kuti matenda aŵiriŵa ayenera kuchizidwa pamodzi.

Choyamba ndi kusamala thupi. Munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka akasiya mwadzidzidzi angathe kunjenjemera, kukomoka ngati wa khunyu, ndipo pa tsiku lachiŵiri kapena lachitatu kusokonezeka mutu mpaka kufa. Wotere asiyire moŵa m'manja mwa achipatala. Pambuyo pake, ngati chisoni chikupitirira patatha pafupifupi mwezi umodzi asakumwa, ndiye kuti ndi nthenda payokha imene ikufuna chithandizo chake.

Mankhwala aakulu pano ndi uphungu, ndipo uphungu si ulaliki. M'chaka cha 1983 William Miller, katswiri wa za maganizo wa ku America, adafotokoza njira yocheza ndi chidakwa popanda kumudzudzula. Chifukwa chake n'chakuti munthu akamakalipiridwa amayamba kudziteteza, ndipo podziteteza amadzitsimikizira yekha kuti alibe vuto. Mlangizi wanzeru safunsa kuti, “Kodi simuona manyazi?” Amafunsa kuti, “Bambo, moŵa umakuthandizani chiyani? Nanga wakulandani chiyani?” Kenaka amakhala chete namvetsera. Bamboyo akatchula yekha za fizi ya mwana imene idathera ku kachasu, mawuwo amalemera kuposa malangizo khumi a namwino. Kukhala chete kumeneku ndiko kumavuta antchito a zaumoyo ambiri, popeza adazoloŵera kuphunzitsa.

Njira ina idachokera kwa Aaron Beck, dokotala wa ku Philadelphia, amene m'zaka za m'ma 1960 adaona kuti odwala nthenda ya chisoni amadziuza zinthu zabodza, monga zakuti “ndine wopanda pake.” Mlangizi amathandiza wodwala kuyesa ganizo lotere ngati lili loona. Njira yomweyi imagwiranso ntchito pa moŵa. Aŵiriwo amafufuza nthaŵi zimene chibaba chimakula: tsiku la malipiro, pambuyo pogulitsa fodya, akakangana ndi akunyumba, kapena madzulo pa bawo ndi anzake akale. Kenaka amakonzeratu chochita, monga kupereka ndalama kwa wachibale wodalirika kapena kudzera njira ina pochokera kuntchito. Wodwala amaphunziranso kuti chibaba chimakwera n'kutsika chokha ngati achipirira kwa kanthaŵi. Akagwa n'kumwanso tsiku lina, asanyozedwe. Afunsidwe chimene chidachitika, ndipo dongosolo likonzedwenso.

Uphungu suloŵa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala. Amene akumva mawu kapena kuona zinthu zosaoneka ayenera kumwa mankhwala ake mosadumphitsa, ndipo banja limuthandize kukumbukira. Wodwala aliyense wa moŵa ndi chisoni afunsidwe mosabisa ngati adaganizapo zodzipha. Funsoli silibzala ganizolo mwa munthu, ndipo wovomera asasiyidwe yekha. Mankhwala ophera tizilombo m'munda ndi m'nkhokwe achotsedwe pafupi naye.

Madokotala a matenda a maganizo ndi ochepa, koma ntchito ya uphungu ingaphunzitsidwe kwa ena. Ku Harare, Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kuthandiza anthu oganiza kwambiri kuthetsa mavuto awo limodzi ndi limodzi. Kuno ku Malaŵi poyambira ndi pa chipatala cha boma chapafupi, kumene namwino wa matenda a maganizo angatumize wodwala wofooka kwambiri ku chipatala cha matendaŵa ku Zomba kapena ku St John of God ku Mzuzu. Wachibale mmodzi amuperekeze, atanyamula buku lake la kuchipatala.