Kugawa Miyala Ikuluikulu Yokachekedwa pa Makina: Malangizo kwa Mabanja a m'Boma la Rufunsa

Mawu oyamba

Kabuku aka talembera mabanja a m'madera a mafumu athu Mpanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta, makamaka inu amene mumakumba kapena kugula miyala kuti mukagulitse kwa osema ndolo, mikanda, mphete ndi zokongoletsa zina.

Kuno ku Rufunsa manja athu anazolowera golide. Mwala woyera wa quartz ukakhala ndi golide timauphwanya ndi kuusinja mpaka usanduke ufa, ndipo pa golide n'zoyenera kutero. Koma mwala wokachekedwa pa makina sufuna nkhonya zotere. Mtengo wake uli pa kukula kwake, mtundu wake ndi kusakhala ndi ming'alu. Hamala imodzi yolakwika imalowetsa ming'alu mkati, ndipo palibe amene angaichotsenso. Choncho uthenga wa kabuku kano ndi umodzi: yang'anitsitsani kaye, gawani pang'ono, ndipo gawani mwalawo pamene uli wofooka kale.

1. Chifukwa chiyani tigawe mwalawo?

Makina ochekera miyala ali ndi mpeni wozungulira womwe m'mphepete mwake munamatidwa timibulu ta dayamondi. Mpeniwo sucheka kuya kofanana ndi kukula kwake, chifukwa pakati pake pali chitsulo choumangirira. Umalowa m'mwala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kutambalala kwake. Mpeni wa mainchesi 6 umacheka mwala wochindikala masentimita 4 kapena 5. Wa mainchesi 10 umafika masentimita 8 kapena 9. Wa mainchesi 18 umafika masentimita 15 kapena kupitirira pang'ono.

Musanagwire hamala, funsani wogula wanu kuti makina ake ndi aakulu bwanji ndiponso akufuna zidutswa zotani. Ngati mwala ungalowe pa makina momwe uliri, usiyeni. Ngati sungalowe, ugaweni kufikira pa muyeso umenewo basi.

Kukula kuli ndi ndalama. Miyala yamtengo imapimidwa m'makarati, ndipo galamu imodzi ndi makarati 5. Wosema akamaliza kucheka ndi kupukuta, kawirikawiri amatsala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mwala umene anagula. Chidutswa choyera cha magalamu 10, omwe ndi makarati 50, chingatulutse mwala umodzi wa makarati 12 mpaka 15. Mukachiswa n'kukhala tizidutswa 10, kulemera pa sikelo sikusintha, koma wogula adzakupatsani mtengo wa tinthu ting'onoting'ono.

2. Dziwani mwala umene muli nawo

Dziko lathu lili ndi miyala yambiri. Emerald amakumbidwa ku Lufwanyama, kumene kuli mgodi wa Kagem. Amethyst amachokera ku Mapatizya ku Southern Province. Kutsidya kwa Luangwa, ku Nyimba ndi ku Lundazi, komanso ku Mkushi, kumapezeka tourmaline ndi aquamarine. Mwala uliwonse uli ndi kaswekedwe kake.

- Quartz (woyera, wapinki, wautsi, ndiponso amethyst): kulimba kwake ndi 7 pa muyeso wa Mohs, umene dayamondi ali pa 10. Alibe njira yachibadwa yong'ambikira. Amasweka ngati galasi, ndipo timapale take timacheka chala.
- Aquamarine ndi emerald: ndi a banja limodzi la beryl, amakhala ndi mbali 6, kulimba 7.5 mpaka 8. Ngakhale ndi olimba, sapirira kumenyedwa.
- Tourmaline: ndi wamtali, wokhala ndi mizere m'litali mwake. Amakonda kuthyoka mopingasa.
- Topaz ndi feldspar, monga amazonite wobiriwira: ali ndi njira yong'ambikira yosalala. Kugogoda kamodzi pamalo olakwika kumawagawa pakati.
- Agate ndi jasper: ndi olimba, sasweka msanga. Amenewa ndi amene amafuna zitsulo zong'ambira.

Ngati mwapeza mwala womera bwino, wa nsonga yake ndi mbali zake zonse, kapena gulu la timiyala tonyezimira pa mwala umodzi, musaugawe ayi. Alipo ogula amene amafuna miyala yotere momwe inatulukira m'nthaka. Ngati simukuudziwa mwalawo, tengani kachidutswa kupita nako ku Geological Survey Department ku Lusaka kuti akaupime.

3. Zipangizo zofunika

- Hamala ya mapaundi anayi ndi ina yaing'ono yogogodera
- Chisel chopyapyala kukamwa ndi china chosongoka
- Zitsulo zong'ambira, zomwe m'masitolo amati plug and feathers
- Pulayazi yotsinira m'mbali
- Tochi yowala kwambiri, burashi, ndowa ya madzi, ndi cholembera chosafufutika ndi madzi
- Mchenga wonyowa, thayala lakale ndi saka
- Magalasi oteteza maso, magulovu, nsapato zolimba, ndi chotchinga kumphuno cha N95 kapena FFP2

Mutu wa chisel ukayamba kuphwanyika n'kutambalala, unoleni msanga. Timapale tachitsulo tochoka pamenepo timalasa diso ngati mwala womwe. Banja limodzi silingagule zonsezi, koma kopaletivi ingagule n'kumabwereketsa mamembala ake.

4. Kuuyang'ana mwala

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsukani mwala ndi madzi ndi burashi mpaka dothi lonse lichoke. Uikeni pamthunzi ndipo muuyang'ane pamene ukuuma. Pamwamba pamauma msanga, koma m'ming'alu madzi amatsalira, ndipo mudzaona timizere takuda tonyowa. Tilembeni ndi cholembera, kuzungulira mwala wonse.

Kenako lowani nawo m'nyumba momwe muli mdima, ndipo mugunditse tochi pa mwalawo kuchokera kumbuyo kapena m'mbali. Pamene kuwala kwadutsa bwinobwino ndi pamene pali mtima wa mwala. Pamene mwaona kung'anima ngati kagalasi mkati, kapena utawaleza waung'ono, pali mng'alu. Pamene pali poyera ngati mtambo ndi posafunika kwenikweni. Zungulizani chizindikiro pa mbali yabwinoyo kuti chitsulo chisafikepo.

Pomaliza gogodani pang'ono ndi hamala yaing'ono. Mwala wathunthu umalira kuti nge! Wong'ambika mkati umalira mogonthera.

5. Njira zinayi zogawira

*Njira yoyamba: kutsata mng'alu wakale.* Iyi ndi njira yabwino koposa. Wowaza nkhuni amatsata mitsempha ya mtengo, ndipo inunso muchite chimodzimodzi. Goneketsani mwala pa mchenga wonyowa, kapena mkati mwa thayala kuti usagubuduke. Musauike pa thanthwe kapena pa simenti, chifukwa mphamvu ya hamala imabwerera kuchokera pansi n'kuuswa mbali yachiwiri. Ikani chisel mumng'alu, gogodani mopepuka, sunthirani patsogolo masentimita awiri kapena atatu, gogodaninso. Mukazungulira kawiri kapena katatu, mwala umatseguka wokha.

*Njira yachiwiri: kulemba mzere.* Ngati palibe mng'alu, jambulani mzere pamalo opanda ntchito, kutali ndi mtima wa mwala. Dulani kamkwasa ndi chisel kuzungulira mwala wonse. Ikani kachitsulo kozungulira pansi pa mzerewo kuti mbali imodzi ilendewere, phimbani ndi saka yonyowa, ndipo menyani kamodzi mwamphamvu pa mzerewo. Amene ali ndi grinder ya mpeni wa dayamondi angadule mkwasa wakuya masentimita 2 kapena 3 asanaikemo chisel. Grinder imatulutsa fumbi lochuluka kwambiri. Nyowetsani mwalawo kawirikawiri, imani kumene mphepo ikuchokera, ndipo madzi asafike pa waya kapena pa injini yake.

*Njira yachitatu: zitsulo zong'ambira.* Iyi ndi ya miyala ikuluikulu yosanyamulika. Boolani mabowo motsata mzere, motalikirana masentimita 10 mpaka 15. M'bowo lililonse ikani tizitsulo tiwiri tam'mbali ndi chosongoka pakati pake, moyang'anitsa kuti zikankhire mbali ziwiri za mzere. Gogodani chilichonse kamodzi, kuyambira koyamba mpaka kotsiriza, kenako bwererani poyamba. Kulira kwa zitsulo kumanka kukwera pamene zikuthina. Mukamva mwala ukuti thethethe, imani pang'ono, mng'alu uyende wokha. Njirayi imagawa mwala mosalala, ndipo siuvulaza mkati.

*Njira yachinayi: kutsina m'mbali.* Zidutswa zikachepa, ikani hamala yaikulu pansi. Gwirani chidutswa ndi gulovu, ndipo ndi pulayazi kapena kahamala kakang'ono muzichotsa zoipa za m'mbali pang'onopang'ono, mukuunika ndi tochi nthawi iliyonse. Umu ndi momwe amakonzera amethyst ku Mapatizya. Mwala wamtengo umene wamatirira m'mwala wina, monga tourmaline kapena aquamarine wokutidwa ndi feldspar ndi mica, muchotsereni zomuzungulira kuchokera patali, chitsulo chikuloza kunja. Mukafika pafupi, siyani. Zotsalazo wocheka adzachotsa ndi makina.

Yesetsani kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi mbali imodzi yosalala. Wocheka amachimanga pa makina mosavuta, ndipo sichigwedera n'kupinda mpeni wake.

6. Zosayenera kuchita

Moto. Ena amasonkha moto pa mwala kenako n'kuthirapo madzi. Mwala umaswekadi, koma umadzaza timing'alu tosawerengeka mkati. Pa madigiri 573 quartz amasintha kapangidwe kake mkati n'kufufuma mwadzidzidzi. Amethyst amataya mtundu wake wofiirira asanafike n'komwe pamenepo. Timapale totentha timathanso kuulukira kumaso.

Zophulitsira. Zimang'amba miyala yonse yapafupi, ndipo lamulo sililola munthu wopanda chiphaso kuzisunga kapena kuzigwiritsa ntchito.

Kuponya mwala pa unzake, kapena kuumenya pakati ndi hamala yaikulu. Simungasankhe pomwe usweke.

Kupaka mafuta kuti ming'alu isaoneke. Wogula akazindikira sadzabweranso, ndipo mbiri ya mudzi wonse imaipa.

7. Tetezani moyo wa banja

Fumbi la quartz ndi loopsa. Tinthu take tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, timakhazikika m'mapapo n'kuwaumitsa. Matendawa amatchedwa silicosis. Sachiritsika, amayamba kuonekera patapita zaka, ndipo amatsegulira khomo chifuwa chachikulu cha TB. Mpango kapena chitenje chomanga kumphuno sichitchinga fumbi limeneli. Choncho:

- Gwirirani ntchito panja, kutali ndi khitchini, nkhokwe ndi chitsime.
- Mwala uzikhala wonyowa nthawi zonse. Posesa, wazani madzi kaye.
- Zovala zantchito zisalowe m'chipinda chogona. Zichapeni pazokha.
- Wogwira chisel ndi womenya onse avale magalasi. Oonerera akhale patali.
- Amayi, musagwire ntchitoyi muli ndi mwana kumsana.
- Ana asaswe miyala. Lamulo la Employment Code la 2019 limaletsa kugwiritsa munthu wosakwana zaka 18 ntchito yoopsa. Malo a mwana ndi kusukulu.

Kapale kakalowa m'diso, musatikite ndipo musayese kukachotsa. Phimbani disolo mopepuka ndi kuthamangira kuchipatala. Mukakhosomola kwa masabata awiri, kapena mukamatuluka thukuta usiku ndi kuwonda, pitani kukliniki yapafupi kapena ku chipatala cha St Luke's ku Mpanshya, ndipo muwauze achipatala kuti mumagwira ntchito ya miyala.

8. Kusankha ndi kusunga

Mukamaliza, tsukaninso zidutswa ndi kuziika m'magulu atatu: zoyera zopanda ming'alu, zamtundu wabwino koma za ming'alu pang'ono, ndi zotsalira. Zotsalirazo musataye, chifukwa opanga mikanda amazigula pa kilogalamu. Kulungani chidutswa chabwino chilichonse pachokha m'pepala kapena kansalu, popeza miyala ikakhulana m'thumba pa ulendo wa pa Great East Road imakalana ndi kubenthuka. Amethyst musamusiye padzuwa nthawi yaitali chifukwa amafwifwa. Pimani pa sikelo yanu ndi kulemba m'kope musanakumane ndi wogula, ndipo musasakanize zabwino ndi zoipa pa mtengo umodzi.

9. Lamulo ndi maphunziro

Kukumba, kugula ndi kugulitsa miyala, komanso kuitumiza kunja, zonse zimafuna chilolezo cha boma. Chilolezo cha amfumu pa malo n'chofunika, koma sichilowa m'malo mwa laisensi. Laisensi ya okumba ang'onoang'ono ndi ya nzika za Zambia ndi makopaletivi awo. Lamulo la migodi la 2015 linalowedwa m'malo ndi la Minerals Regulation Commission la 2024, choncho funsani ku ofesi za Unduna wa Migodi za ndondomeko imene ikugwira ntchito panopa. Musakumbe m'malo otetezedwa ngati Lower Zambezi National Park, ndipo kwirirani maenje mukamaliza kuti ana ndi ziweto zisagweremo.

Amene amapindula kwambiri ndi mwala ndi amene amaucheka ndi kuupukuta. Ku Ndola kuli sukulu ya Gemstone Processing and Lapidary Training Centre yomwe imaphunzitsa luso limeneli. Kopaletivi yanu ikasonkherana n'kutumizako mnyamata kapena mtsikana mmodzi, adzabwera akudziwa kusankha, kucheka ndi kutchula mtengo woyenera.

Mawu otsiriza

Abambo ndi amayi, werengani kabuku aka pamodzi pa msonkhano wa kopaletivi, ndipo muwerengere anzanu amene satha kuwerenga. Yesererani njira zinayi zija pa miyala wamba musanakhudze mwala wamtengo. Mukakayika, musamenye: usungeni mwalawo wathunthu, ndipo mufunse mlangizi kapena munthu wodziwa miyala.