Boyila ya Nkhuni Ikavuta, Muyambire Apa

Kuyambira June mpaka August, mwera ukamaomba m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, madzi a m'mawa amaluma m'manja. Ku Mvera, ku Kongwe ndi m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Ntchisi, kusamba madzi ozizira nyengo imeneyi ndi chizunzo, makamaka kwa ana a sukulu ndi okalamba. N'chifukwa chake nyumba zina, maka zakale za boma, za mishoni ndi za m'maesiteti a fodya, zili ndi boyila ya nkhuni kuseri: mgolo wachitsulo wa malita 200 wogonekedwa pa ng'anjo ya njerwa, chumuni kumapeto kwake, ndi mapaipi opita kubafa. Sidikira magetsi a ESCOM, ndipo ikavuta zambiri mungazikonze nokha.

Musanagwire chilichonse, kwezani maso muone kapaipi koimirira kochokera pamwamba pa mgolo, kotseguka kunsonga. Ndi kopumira. Ku Britain ndi ku Ireland, kumene nyumba zambiri zakumidzi zimatenthetsa madzi ndi boyila ya palafini, makinawo amazimitsa okha moto china chikalakwika. Yathuyi ilibe nzeru zimenezo. Chitetezo chake chonse ndi kapaipi kameneka. Madzi akawira n'kusanduka nthunzi amafuna malo ochuluka kuposa kale maulendo 1,600, ndipo mgolo sunapangidwe kuti upirire mphamvu yotere. Komatu anthu ena akaona kapaipika kakulavula madzi amakatseka ndi chitsononkho kapena kumangapo mphira, ati madzi akuonongeka. Chonde musatero. Kulavulako kukutanthauza kuti madzi afika powira, ndiye phulani nkhuni zina ndipo mutsegule mpopi wa madzi otentha. Ngati kamadontha ngakhale moto uli wochepa, ndiye kuti n'kakafupi: nsonga yake iyenera kukhala pamwamba kuposa madzi a m'thanki yodzazira mgolo. Nthawi ndi nthawi pisanimo waya, chifukwa mavu amakonda kumangamo dothi.

Tsopano moto. Ngati utsi ukubwerera kukhomo la ng'anjo ndipo madzi akungofunda pang'ono, yambani ndi nkhuni. Bulugama wongodulidwa kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, choncho moto umatha mphamvu poumitsa nkhunizo m'malo motenthetsa mgolo. Ombanitsani ziwiri: zouma zimalira mokweza, zaziwisi zimangoti phu. Kenaka palani phulusa kuti mpweya uzilowa pansi pa nkhuni. Ng'anjo itazizira, gwadani muunike ndi tochi kumimba kwa mgolo. Mukaona mwaye wakuda wokhuthala, upaleni ndi chitsulo, pakuti umatchinga kutentha monga bulangete limachitira. Chumuninso chimafuna kupukuta: mangani chiguduli kunsonga ya nsungwi n'kuchikokera m'mwamba ndi pansi. Panyumba zomangidwa potsetsereka, mphepo yotsika m'phiri imakankhira utsi m'chumuni chachifupi. Kuonjezera chitoliro kuti chipitirire denga kumathetsa vutolo.

Nanga ngati mgolo watentha koma kubafa kukutuluka madzi ofunda chabe? Tsatirani paipi ndi dzanja kuchokera pa mgolo. Ikakhala yaitali, yodutsa panja mopanda chofunda, mphepo ya July imaba kutentha konse madzi asanafike m'nyumba. Ikulungeni ndi masaka akale n'kukutira pepala la pulasitiki pamwamba kuti asanyowe, koma pafupi ndi ng'anjo musiye poyera. Onaninso polowera ndi potulukira madzi. Ozizira ayenera kulowera pansi pa mgolo, otentha azitulukira pamwamba, popeza madzi akatentha amakwera. Mmisiri akasinthanitsa mapaipi awiriwa, mudzatha mtolo wa nkhuni popanda phindu.

Vuto limene limasokoneza ambiri ndi mpopi wotsokomola: mukatsegula umalavula pang'ono, n'kuchita phokoso, kenaka zii. Choyamba kwerani mukaone thanki. Kaya madzi anu ndi a Central Region Water Board kaya mumapopa pachitsime, thanki ikhoza kuuma inu osadziwa, kapena valavu yake ya kampira koyandama n'kukakamira. Mukapeza youma, zimitsani moto nthawi yomweyo. Musathire madzi ozizira mu mgolo wouma umene watentha. Dikirani uzizire, apo ayi nthunzi idzakuwaulani ndipo chitsulo chikhoza kung'aluka. Thanki ikakhala yodzaza koma madzi osabwera, ndiye kuti mpweya watsekeredwa m'paipi. Tengani kapaipi ka mphira, mulumikize mpopi wa madzi ozizira ndi wa otentha, mugwire zolimba. Tsegulani wa otentha, kenaka wa ozizira, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Madzi ozizira adzakankha mpweya uja mpaka kukatulukira ku kapaipi kopumira. Izi muchite moto utazima. Zikamabwerezabwereza, fufuzani pamene paipi yakwera n'kutsikanso, chifukwa mpweya umakhala pamenepo. Madzi akamatuluka mofooka masiku onse, vuto ndi kutalika kwa nsanja: thanki yongopitirira shawa ndi mita imodzi singakankhe madzi mwamphamvu.

Mgolo ukamagunda ngati wina akumenya ndi nyundo mkati, kawirikawiri pansi pake paundana matope kapena laimu wochokera m'madzi a pamjigo. Madzi otsekeredwa pansi pa zoundanazo amawira n'kumaphulikaphulika. Uzizire kaye, tsekani madzi a kuthanki, mumasule chotsekera chapansi n'kutsukuluza mpaka madzi ayere. Nthawi yabwino ya ntchitoyi ndi mwezi wa May, chisanu chisanalimbe.

Pali ana panyumba? Madzi a madigiri 60 amawaula khungu m'masekondi ochepa, ndipo boyila ya nkhuni imapitirira pamenepo mosavuta. Muziyamba kuthira ozizira m'beseni, otentha pambuyo, ndipo muyese ndi chigongono mwana asanalowe.

Madzi ofiira m'mawa ndi chizindikiro chakuti dzimbiri layamba kudya mgolo. Mukamva kuti tsii pamoto, kapena phulusa likamapezeka lonyowa, mgolo wabooka pansi. Kumata chigamba n'kungotaya ndalama, chifukwa chitsulo chonse chozungulira bowolo chimakhala chitapyapyala kale. Gulani wina, ndipo mufunse bwino chimene ankasungiramo. Umene munali mankhwala a mbewu kapena ophera tizilombo usiyeni, ngakhale akutsitsireni mtengo. Umene munali petulo kapena dizilo umasunga mpweya woyaka ngakhale ukuoneka wouma, choncho muutsuke ndi sopo ndi madzi otentha, ndipo wowotcherera asayatse moto wake musanaudzaze madzi mpaka pafupi ndi pamene akuboola.