PHUNZIRO: Chaka chimene nyanja inalowa m'nyumba, chimanga chikuuma kumunda

Anthu a ku Mangochi sadzaiwala msanga chaka cha 2024. M'mwezi wa Malichi, mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agweredwa tsoka la ng'amba, ndipo Mangochi anali m'gulumo. Chimanga chinafota chili pafupi kumasula. Koma m'masabata omwewo nyanja inali kukwera tsiku ndi tsiku, mpaka inapitirira mamita 476 poyezera kuchokera pa nyanja yamchere. Madzi anameza magombe, analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, ndipo mathandala oyanikapo usipa anasamutsidwira kumtunda. Mlimi wa kwa Chimwala ankalira mvula pamene msodzi ankathawa madzi, onsewo m'boma limodzi.

Zimenezi zimamveka munthu akakumbukira kumene madzi a m'nyanja amachokera. Ambiri amabwera ndi mvula ya kumpoto, kudzera m'mitsinje monga Songwe, South Rukuru ndi Ruhuhu wa ku Tanzania, ndipo kumeneko mvula inagwa yambiri chaka chimenecho. Khomo lotulukira ndi limodzi lokha: mtsinje wa Shire, umene umayambira kuno ku Mangochi. Funso limene ambiri ankafunsana pamaliro, m'maminibasi ndi potuluka m'tchalitchi linali lakuti: kodi uku ndiye kusintha kwa nyengo kumene amanena pa wailesi kuja?

Chimene chikutenthetsa dziko

Dzuwa likawomba, nthaka ndi madzi zimatentha, kenako zimabweza kutenthako kumwamba. Mumlengalenga muli mipweya ina, makamaka carbon dioxide ndi methane, imene imagwira gawo la kutenthako kuti kusathawe konse. Popanda mipweya imeneyi dziko likanazizira koopsa. Vuto ndi kuchuluka kwake. Chofunda chimodzi chimathandiza mu Juni, koma munthu wofunda mabulangete atatu mu Okutobala kuno kunyanja sangagone.

Mafakitale asanayambe, m'magawo 1 miliyoni aliwonse a mpweya munali magawo pafupifupi 280 a carbon dioxide. Lero apitirira 420. Ochuluka achokera ku malasha, petulo, dizilo ndi gasi zimene anthu akhala akuwotcha kwa zaka zoposa 150, ndiponso ku nkhalango zimene zadulidwa ndi kutenthedwa. Mtengo ukamakula umameza mpweyawu n'kuusunga m'thunthu ndi m'mizu. Ukasanduka makala, mpweya uja umabwerera mumlengalenga. Methane imachokera ku ng'ombe, m'minda ya mpunga yodzaza madzi ndi m'zinyalala zowola. Chaka cha 2024 ndicho chinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake chiyambire kuyeza, ndipo dziko linali lotentha ndi madigiri pafupifupi 1.5 kuposa mmene linalili mafakitale asanachuluke.

Mlandu umenewu si wofanana kwa onse. Africa yense amatulutsa magawo osakwana 4 pa 100 aliwonse a utsi wa malasha ndi mafuta wa dziko lapansi. Mmalawi mmodzi amatulutsa makilogalamu pafupifupi 100 pa chaka, pamene munthu mmodzi wa ku America amatulutsa matani oposa 13. Mayi wogulitsa kanyenya pamsika wa Mangochi sindiye watenthetsa dziko, ndipo wina asamunamize.

Si zonse zimene zayamba ndi kutentha kwa dziko

Apa m'pofunika chilungamo, chifukwa masiku ano mawu akuti "kusintha kwa nyengo" asanduka dengu lotayiramo chilichonse. Nyanja ya Malawi yakhala ikukwera ndi kutsika kuyambira kale. Pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika kwambiri mwakuti madzi analeka kutulukira mu Shire. Mu 1980 inakwera kuposa mmene inachitira mu 2024. Nyumba zambiri zimene zinamira posachedwapa zinamangidwa pamalo pamene nyanja inafikapo kale. Madzi anangobwerera pamalo pake. Ng'amba ya 2024 nayonso, malinga ndi akatswiri a gulu la World Weather Attribution, inadza makamaka ndi El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumabwera pakapita zaka zingapo ndipo kawirikawiri kumachepetsa mvula kum'mwera kwa Africa.

Nanga kutentha kwa dziko kukuchita chiyani? Kukuwonjezera mphamvu pa mavuto amene analipo kale. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kunyamula chinyezi chowonjezera ndi magawo pafupifupi 7 pa 100, ndiye mvula ikati igwe imakhuthuka nthawi imodzi. Ikadula, dzuwa limaumitsa nthaka msanga kuposa kale. Akatswiri omwe aja atafufuza za namondwe wa Ana, amene anafika mu Januwale 2022, anapeza kuti kutentha kwa dziko kunachititsa mvula yake kukhala yamphamvu kwambiri.

Zotsatira za Ana zinafika m'nyumba iliyonse ya m'tauni. Madzi anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akazima, ngakhale banja lokhala ndi kuka limabwerera ku mbaula ya makala, mapiri n'kumapitirira kumetedwa. Mu Malichi chaka chomwecho, zimbudzi ndi zitsime zitasakanikirana ndi madzi osefukira, kolera inabuka ku Machinga. Mliriwo unafalikira dziko lonse, unapha anthu oposa 1,700, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika koposa. Misozi isanaume, mu Malichi 2023 kunabwera Freddy, namondwe amene anakhalitsa kuposa wina aliyense m'mbiri ya zoyeza nyengo. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo cha kum'mwera, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Kuyambira pa Idai mu 2019, anthu sapatsidwanso mpata wopuma: khoma lisanaume, lina lagwa.

Mwera ndi usipa

Pali chinthu china chimene sichioneka ndi maso koma chikukhudza ndiwo za m'mbale. Madzi a pamwamba pa nyanja ndi ofunda, a pansi ndi ozizira, ndipo chonde cha nyanja chimakhala pansipo. M'miyezi yozizira mwera ukamawomba, umakankhira madzi ofunda kumpoto, ndipo madzi a pansi amakwera kuno kum'mwera atanyamula chonde chija. Chondecho chimameretsa ndere, ndere zimadyetsa tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, tizilomboto n'kudyetsa usipa ndi utaka. N'chifukwa chake mbali ino ya nyanja, kuyambira ku Monkey Bay kuzungulira mpaka ku Malindi ndi ku Makanjira, ili ndi nsomba zambiri kuposa mbali zina. Mwera umene asodzi amauopa ndi womwewo umene umawaphikira.

Madzi a pamwamba akatentha kwambiri amapepuka, ndipo kusakanikirana kuja kumavuta. Pa nyanja ya Tanganyika ofufuza anaona kale kuti kutentha kwachepetsa chakudya cha nsomba mwa njira imeneyi, ndipo madzi a nyanja ya Malawi nawonso akhala akufunda pang'onopang'ono. Komabe chambo cha mu Malombe, chimene chinatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, sichinathe ndi kutentha kwa dziko. Chinatha ndi makoka a maso ang'onoang'ono amene ankakokolola ana ndi zisa zomwe. Nyanja imene yafooka kale ndi usodzi wosasamala singapirire kutentha kowonjezera, choncho makomiti a m'magombe ndi lamulo lotseka nyanja kumapeto kwa chaka, pamene chambo chikuswana, n'zofunika lero kuposa kale.

Zimene zikuchitika pothana ndi vutoli

Mu 2015 mayiko, kuphatikizapo Malawi, anagwirizana ku Paris kuti kutentha kusafike madigiri 2, ndipo ayesetse kuti kusapitirire 1.5. Chaka chomwecho Papa Francis analemba kalata ya Laudato Si', yophunzitsa kuti dziko ndi mudzi wa anthu onse ndi kuti likawonongeka oyamba kuvutika ndi osauka. Mu 2023 analembanso ina, Laudate Deum, yodandaula kuti atsogoleri akuchita chidodo. Kudandaulako kuli ndi maziko. Thumba la ndalama zothandiza mayiko amene awonongekeredwa ndi nyengo linavomerezedwa ku Egypt mu 2022, ndipo ku Baku mu 2024 mayiko olemera analonjeza madola 300 biliyoni pa chaka pofika 2035. Mayiko osauka ananena poyera kuti ndalamazi n'zochepa, ndipo lonjezo la pamsonkhano limatenga nthawi kuti lisanduke mlatho kapena mjigo kwa Nankumba.

Kuno kumudzi, boma linalonjeza kubwezeretsa mitengo ndi chonde pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Magetsi a dzuwa akupangidwa ku Salima ndi ku Golomoti. Nthambi yoona za nyengo imachenjeza za mwera ndi anamondwe pa wailesi ndi pa foni, ndipo msodzi womvera chenjezo amabwerera kwa ana ake. M'magombe ena muli matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa, amene amachepetsa nkhuni zowambira.

Koma nkhani imene ikukhudza mkhristu wa m'tauni mwachindunji ndi ya makala. Mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo makala ambiri amapsera m'tauni. Njinga zimene zimatsika m'mamawa zitasenza matumba zikuchokera kumapiri, kufupi ndi nkhalango monga Namizimu ndi Phirilongwe. Wowotcha makala amadzudzulidwa ndi kulandidwa njinga, pamene wogula amakhala pabenchi lakutsogolo atavala bwino. Kunena zoona, mitengo ya ku Mangochi payokha singaziziritse dziko lapansi. Chimene ingachite ndi kusankha mmene mvula yamphamvu idzafikire kumudzi. Paphiri la mitengo madzi amalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono m'zitsime ndi m'mitsinje mpaka chilimwe. Paphiri lometedwa amatsika tsiku limodzi atanyamula dothi ndi miyala, kukwirira minda, n'kukathira matope m'malo amene nsomba zimaswana. Bango la m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire limagwira ntchito yomweyo, ndipo amene amalidula kuti gombe lioneke loyera amatsekulira mafunde njira ya kukhomo kwake.

Banja silingasiye kuphika, koma lingachepetse. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dothi, imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu. Nyemba zonyikidwa usiku zimapsa msanga. Amene angakwanitse gasi kapena njerwa za simenti m'malo mwa zowotcha amapulumutsa mitengo yambiri kuposa imene angabzale pa mwambo wa tsiku limodzi.

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo. Chaka ndi chaka mbande zimabzalidwa, zithunzi zimajambulidwa, koma pofika Okutobala zambiri zimakhala zitadyedwa ndi mbuzi kapena kupsa ndi moto wa osaka mbewa. Limana limene likufuna kubzala liyambe lagwirizana za amene adzathirire ndi kutchingira mtengo uliwonse m'chilimwe choyamba. Kumunda, chitsa chimene chikuphukira chili kale ndi mizu yozama ndipo chimakula msanga kuposa mbande ya m'chubu. Chimangofuna kupatulira mphukira n'kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Msangu ukamera pakati pa mizere usazulidwe: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, sutchingira chimanga dzuwa, ndipo masamba akewo ndi manyowa.