MPWEYA WOTULUKA M'MASAMBA

Munthu akafikisa tsamba la ndimu kapena la bulugamu m'manja mwace, amva pfungo lamphamvu. Akalipenya pa dzuwa, aona timadontho towala: ndito timatumba ta mafuta. Koma mitengo yambiri itulutsanso mpweya wina wosaoneka, umene ophunzira aucha isoprene. Guivi Sanadze wa ku Georgia ndiye anauzindikira m'masamba m'caka ca 1957.

Zomera za dziko lonse zitulutsa matani ngati 500 miliyoni a mpweya umenewu caka ndi caka, ndipo wocuruka ucokera m'nkhalango zazikuru za mvula, monga ya Amazon ndi ya Congo. M'caka ca 2015 anamaliza nsanja ya mamita 325 m'kati mwa Amazon, ku Brazil, yoyesera mpweya wokwera kucokera m'mitengo.

Si mitengo yonse itulutsa isoprene, ndipo ngakhale pa mtengo umodzi masamba asiyana.

1. Tsamba la kunsonga, loombedwa ndi dzuwa, lipambana la mumthunzi. Kukatentha mpweya ucuruka. Usiku uleka, pakuti tsamba siliusunga, koma liupanga pomwepo ndi mphamvu ya dzuwa. Ophunzira ambiri ayesa kuti uchinjiriza tsamba lingapse ndi kutentha.

2. Tsamba lanthete litulutsa pang'ono, kufikira litakhwima.

3. Tsamba la timatumba ta mafuta lisunga pfungo lace, nilitulutsa usana ndi usiku, makamaka likalumidwa ndi mbozi. Pfungolo lipitikitsa tizirombo tina.

Mpweya uwu ukakwera, usanganizika ndi zina za m'mlengalenga, nusanduka tipfumbi tosaoneka. Pa tipfumbito nthunzi ya madzi igwirira, ndipo mitambo ipangika. Nthunziyo nayonso yambiri icokera m'masamba. Mvula ina yogwa m'Zambia idza ndi mphepo yacinyontho yocokera ku Congo. Cotero mlimi wa cimanga ku Chipata athandizidwa ndi mitengo imene sanaione.

Buku la Genesis liphunzitsa kuti Mulungu analenga mitengo tsiku lacitatu, ndi kuti munda anausiya m'manja mwa munthu. Woocha makala agulitsa thumba lero, koma mtengo ulowa zaka zambiri kuti ukule. Mkristu wodula mtengo ayenera kubzala wina, ndi kucenjera ndi moto wa m'chire.

Mafunso: Cifukwa ninji isoprene aleka kutuluka usiku? Masamba athandiza bwanji kuti mvula igwe?